Mphete ya pa Matope a ku Erith

Inali itangopitirira pang'ono seveni koloko m'mawa, Loweruka lina la mwezi wa Okutobala. Mvula sinkagwa, koma mpweya unali wonyowa moti munthu akayenda pang'ono nsidze zinkachita madontho. Nkhungu inali itagona pamtsinje wa Thames, tsidya lina osaoneka.

Zimene ndikulembazi sindinazione ndi maso anga. Anandiuza ndi Felton Likongwe mwini wake, ndipo chigawo chomaliza anachitsimikiza Amake Chanda, amene analipo. Awiriwa salankhulana masiku ano, koma nkhani yawo ndi imodzi, siisiyana ngakhale pang'ono. Felton si munthu wokometsera nkhani. Komanso iyi ndi nkhani yomuchititsa manyazi, ndipo akanakhala wopeka akanapeka ina yomuveka ulemu.

Felton kwawo ndi ku Zomba. Anaphunzira zamakina ku Blantyre, anabwera ku London kudzawonjezera maphunziro, n'kukhaliratu. Ntchito yake inali yokonza zikepe m'nyumba zosanja. Pa nthawiyo anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Banja lake linatha kalekale mopanda phokoso, ndipo ankakhala yekha m'kafulati ka ku Charlton. Chimene chinkamutulutsa m'nyumba Loweruka chinali chimodzi: makina ake ofufuzira zitsulo m'nthaka.

Ankakwera sitima mpaka ku Erith, kumene mtsinje umatambalala ndipo madzi ake amayamba kumveka mchere. Kumeneko madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, motsatira nyanja. Akaphwa, pansi pa masitepe otsikira kumtsinje pamaoneka kachigawo ka miyala ndi mchenga wakuda, kenako matope. Felton anali ndi chilolezo chake chofufuzira m'mbali mwa mtsinje m'thumba, ndipo sankakumba kupitirira kutalika kwa chala, monga mwa lamulo.

Mchenga wa pamenepo ndi wovuta. Ndi wodzaza ndi dzimbiri ndi tizitsulo ta zombo zakale, ndipo ukanyowa ndi madzi amchere makina amalira paliponse ngati apenga. Wosadziwa amakumba maenje makumi awiri osapeza kanthu, n'kubweza makina kusitolo. Felton ankadziwa kuwaweta. Ankayamba wapeza malo opanda chitsulo, n'kumakweza ndi kutsitsa mbale ya kunsi kwa ndodo ya makinawo pamwamba pa mchenga mpaka azolowere nthakayo ndi kukhala chete. Akatero, chilichonse chinali ndi liwu lake m'mahedifoni a m'makutu mwake. Msomali unkabangula pansipansi. Chitini chinkalalata. Golide ankalira kamodzi, mofewa, ngati munthu wagogoda kapu ndi supuni.

M'mawa umenewo, mapazi ngati khumi kuchokera pamasitepe, anamva liwu la kapu lija.

Anagwada, n'kupalasa mchenga ndi kafosholo. Inali mphete ya mwamuna, yaikulu, yolemera. Koma siinali yokha. Inali itamangidwa ndi kansalu kakuda, mfundo zitatu zolimba, ndipo m'kati mwa mfundozo munali katsitsi ka munthu.

Felton anakulira ku Zomba, osati ku Charlton. Anadziwa. Chinthu chomangidwa chotero sichinagwe mwangozi. Chinachita kutayidwa, ndipo wotola amayenera kuchibwezera pomwepo, kusamba m'manja ndi kuchoka osacheuka. Anali atayamba kale kuibwezera m'kadzenje pamene anaona zilembo m'kati mwake. Anapukuta ndi chala. W.C. ndi T.N., ndi tsiku la ukwati.

Wilbroad Chisenga. Mkulu wa ku Zambia uja ankayendetsa mabasi a usiku, woimba besi mu kwaya ya tchalitchi chawo cha ku Tottenham, amene anagwa kuntchito chaka chapitacho osadzukanso. Thupi lake linapita ku Lusaka. T.N. anali Towela, mkazi wake.

Felton anakhala chigwadire nthawi yaitali, madzi ozizira akulowa m'mawondo a buluku. Chaka chonse anakhala akufunafuna mawu oti anene kwa Towela opitirira "Mwadzuka bwanji, mlongo?" Sanawapeze. Tsopano mawuwo anali m'dzanja lake.

Anadziuza kuti iye ndi munthu wophunzira. Anadziuza kuti mwina ndi ulusi wa m'madzi unangokoleka. Kenako anatulutsa kampeni, n'kudula mfundo zitatu zija imodziimodzi. Kansaluko anakaponya m'madzi. Katsitsi kanauluka kokha.

Kunyumba anaitsuka ndi mswachi wakale mpaka inawala, n'kuiika m'kabokosi.

Mawa lake, mapemphero atatha, anthu anali m'holo yakumbuyo akumwa tiyi ndi mandasi. Felton akanatha kumuitanira Towela pambali. Sanatero. Anadikira mpaka anthu atamuzungulira, n'kuyandikira ndi kabokosi kake.

"Mlongo Towela, ndakupezerani chinthu chanu."

A Biswick, adikoni okonda nthabwala, anaona kabokosiko n'kukuwa. "Aa, a Felton! Mwayamba kugawa mphete osadzera kwa ankhoswe? Tiuzeni tisoke masuti!"

Anthu anaseka. Felton anamva kutentha kumaso, koma kunali kutentha kokoma. Anatsegula kabokosi.

Towela sanatambasule dzanja. Anangoyang'ana, kapu ya tiyi ikugogoda pasosala. Felton anaganiza kuti ndi chimwemwe. Anatenga mpheteyo n'kuiika yekha pasosalapo.

"Mwaipeza kuti?" Towela anafunsa motsitsa mawu.

"Kumtsinje, ku Erith. M'matope."

"Ya ba Wilbroad iyi!" mayi wina anafuula. "Ambuye ndi wabwino!"

Anthu anawomba m'manja. Abusa anabwera, anagwira Felton paphewa, n'kunena kuti Mulungu sataya kanthu ka ana ake. Towela anayang'ana abusa, anayang'ana anthu, kenako anapinda bondo pang'ono.

"Zikomo, ba Felton."

Tiyi wake sanamalize. Felton anabwerera ku Charlton akuimba m'sitima chamumtima.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Lachiwiri masana, ali pamwamba pa chikepe china ku Lewisham, foni yake inalira. Anali Amake Chanda, mlongo wake wamkulu wa malemu Wilbroad, mayi wa ku Ilford wosamalira okalamba, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka, amene sankadziwa kuzungulira nkhani.

"Ba Felton, mukachoka pa nchito mubwele ku Thamesmead, kwa Towela. Lelo, osati mailo."

Anafika cha m'ma folo koloko, kunja kukadali kowala. Fulati inali pansanjika yachisanu ndi chiwiri. Amake Chanda atangotsegula chitseko, fungo linamulandira. Linali fungo limene ankalidziwa kuposa munthu wina aliyense m'tchalitchi chawo: matope a mtsinje madzi akangophwa, lovunda pang'ono, la mchere ndi dzimbiri.

Towela anali kukhitchini atavala jekete ya panja. Nkhope inali itagwa, maso atalowa. Sanamupatse moni.

"Nkhalani," anatero Amake Chanda. "Imwe munaphunzila maningi, si so? Manje mvelani vamene simunaphunzile."

Anafotokoza mosabisa. Kwawo, chaka chikatha, mkazi wamasiye amamasulidwa ndi abale a mwamuna, kuti wakufa apite kwawo ndipo wamoyo atsale ndi moyo wake. Kumudzi pali akuluakulu odziwa kachitidwe kake. Kuno kunalibe wina koma iye. Anaimba foni kwa azakhali awo, ndipo anamuuza chochita: atenge mphete ya malemu, aimange ndi kansalu kong'amba pa duku lakuda limene Towela anavala pamaliro, aikemo katsitsi ka Towela, alankhule ndi malemu, n'kuiponya m'madzi akuya oyenda kupita kunyanja. Anachita mobisa, chifukwa abusa salola zimenezi.

"Ndiye imwe mubwela nayo mu church, pa menso pa abusa. Angakane bwanji mwana uyu? Anene kuti chani?"

Felton anayang'ana pansi. "Munaiponya nthawi yanji?"

"Mumazulo. Madzi yanali yambili, kufika pa masitepe. Tinaona yamila."

"Madzi anali atadzaza. Pakapita maola sikisi pamenepo pamakhala pouma. Munthu amayendapo ndi nsapato."

Amake Chanda anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Mtsinje wa bwanji wamene uchoka? Kwathu Kafue sachoka."

Palibe anaseka.

"Muuze," anatero Amake Chanda kwa Towela.

Towela analankhula akuyang'ana tebulo. Mawu ake anali osalala, ngati akuwerenga kalata ya wina. Kuyambira Lolemba lotsatira tsiku limene analandira mphete, nthawi ikakwana twente pasiti faifi m'mawa, nthawi imene Wilbroad ankafika kuchokera kuntchito, ankamva kiyi pachitseko. Chitseko sichinkatseguka. Koma kenako ankamva nsapato zikuvulidwa m'kakhonde ka m'kati. Imodzi. Inzake. Ndiye matiresi ankatsika mbali ya kukhoma.

"Sachita kanthu. Agona chabe. Apuma. Ni ozizila."

"Mwina mapaipi..." Felton anayamba.

"Yendani mukaone mapaipi yanu," anatero Amake Chanda.

Anapita. Anayang'ana pansi pa sinki, kubafa, kuseri kwa chotenthetsera nyumba. Ponse panali pouma. Koma pakapeti, kuchokera pachitseko mpaka kuchipinda, panali timizere toyera, touma, ngati pamene madzi anaima n'kuphwera. Anagwada, anakhudza ndi chala, n'kulawa. Mchere.

Atabwerera kukhitchini anaona mphete ija pamwamba pa filiji, pasosala. Inali m'kadziwe ka madzi otuwa.

"Nipukuta daily," anatero Towela. "Mailo anakamba."

Felton anatembenuka. "Dzulo? Anati chiyani?"

"Anati, 'Nindani ananiitana?'"

Pansi, kutali, basi inadutsa. Filiji inkalira yokha.

Amake Chanda anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. "Manje niuzeni. Kansalu kali kuti?"

"Kansalu kanji?"

"Kakuda. Pa mphete."

"Ndinaipeza yokha," anatero Felton. Mawuwo anatuluka mosavuta, mpaka iye mwini anadabwa.

Mayiwo anamuyang'ana m'maso. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ngati ni so, basi. Azakhali anakamba. Ngati munthu ndiye anamasula, tingamubweze Wilbroad, chifukwa anachita kuitaniwa. Koma ngati inamasuka yeka, ndiye kuti ni eve mwine wake wakana kuyenda. Palibe vochita. Towela azankhala mukazi wake mpaka naye akafe."

Towela sanalire. Anangotsitsa mutu pang'onopang'ono mpaka chipumi chinagunda tebulo, n'kukhala choncho.

Felton anaimirira. Ananena kuti pepani, ananena kuti awapempherera. Anavala nsapato zake pakhomo, pafupi ndi timizere ta mchere, n'kutsika.

Pamalo okwerera basi panali mphepo. Basi yake inabwera, inatsegula zitseko, inatseka, inapita. Anaona nkhope yake pagalasi lake ikudutsa. Yachiwiri inabwera, dalaivala anamuyang'ana modikira, iye anapukusa mutu. Ankaganiza za chipumi chija patebulo. Ankaganizanso za a Biswick, za abusa, za kuwomba m'manja kuja, ndi mmene nkhaniyi idzamvekere ikadzafika ku Tottenham. Yachitatu isanafike anabwerera.

Amake Chanda anatsegula asanagogode kachiwiri.

"Ndinadula ndine," anatero Felton ali pakhomo. "Ndi mpeni. Mfundo zitatu. Munali tsitsi."

"Ninaziba. Mfundo zija ninamanga ine. Madzi siyangamasule." Sanakweze mawu. "Chifukwa chani?"

Maso a Felton anapita kukhitchini, kumene kunali Towela.

"Osaniuza ine," anatero mayiwo. "Muzamuuza mwine wake. Afunsa."

Anagwirizana za Lachisanu. Felton anayang'ana pandandanda wa madzi pafoni yake n'kupeza kuti tsiku limenelo adzaphwa kwambiri kuposa masiku onse a mweziwo, cha m'ma eyiti koloko m'mawa. Akaika mpheteyo kumapeto kwenikweni, pamlomo pa madzi, sidzaonekanso msanga. Amake Chanda anawonjezera chimodzi: abwere ndi makina ake.

"Chamene chinamuutsa chibwele chione."

Lachisanu kunacha kopanda mphepo. Nkhungu inali yopyapyala, dzuwa likuoneka ngati mbale yoyera kuseri kwake. Anakumana pamasitepe. Amake Chanda anali atavala majombo obwereka, aakulu, ndi chitenje pamwamba pa jekete. Anamanga mpheteyo ndi kansalu kena ka duku lomwe lija, anadula katsitsi ka Towela ndi lezala, n'kukoka mfundo ndi mano.

"Iwe nkhala pano," anauza Towela. "Yang'ana ku mseu. Olo umve chani, osacheuka."

Towela anakhala pasitepe yapamwamba atafulatira mtsinje.

Awiriwo anatsika. Felton anayatsa makina, ndipo nthawi yomweyo anayamba kulongolola ndi mchere. Anakweza ndi kutsitsa mbale mpaka anakhala chete. Anadutsa pamalo pamene anatola mphete ija, anawaonetsa mayiwo, n'kupitirira. Miyala inatha. Mchenga wakuda unayamba kufewa. Majombo ankamira mpaka m'akakolo n'kutuluka ndi phokoso ngati la munthu woyamwa mano. Mbalame zoyera za kunyanja zinali paliponse, zikukangana.

Pamlomo pa madzi anaima. Felton anakumba kadzenje ndi dzanja. Amake Chanda anamupatsa mphete.

"Munachotsa ndimwe. Ikani ndimwe."

Inali yozizira kuposa madziwo. Anaiika, anakwirira, anatsendera ndi chikhatho. Kenako, mwa chizolowezi chabe, monga amachitira pa dzenje lililonse, anadutsitsa mbale ya makina pamwamba pake.

Chete.

Anadutsitsanso. Golide wolemera chotero, wokwiriridwa kosafika chala, amayenera kulira mpaka kupweteka khutu. Anadutsitsa pa kafosholo kake kuti ayese. Makina anabangula bwinobwino. Anabwerera padzenje.

Chete.

Anagwada n'kufukula ndi zala. Mchenga wakuda. Anakuza dzenje, anasefa mchengawo m'manja. Panalibe mphete. Panalibe kansalu.

"N'chani?" anafunsa Amake Chanda.

"Palibe."

"Madzi yatenga?"

"Madzi sanafikepo."

Anaimirira, ndipo poimirirapo mbale ya makina inanyamuka kufika m'chiuno mwake. Pamenepo, m'mwamba, popanda kanthu, anamva.

Kapu ndi supuni.

Anasuntha mbale kumanzere. Chete. Anaibweza. Liwu lija. Anatsitsa pansi. Chete. Anakweza. Linalipo, pamtunda wofanana ndi pamene pamalendewera dzanja la munthu wamtali ataimirira.

Anasolola chingwe cha mahedifoni kuti mayiwo amve okha. Liwulo linatuluka poyera, laling'ono, loyera.

Apo ndi pamene anazindikira kuti mbalame zasiya kulira. Zinalipo, zitaima pamatope, zonse zitayang'ana mbali imodzi. Madzi okha ankanyambita mchenga. Ndipo pansi pa fungo la matope panabwera lina: dizilo, ndi mankhwala aja a mentho amene madalaivala amapaka pakhosi kukazizira.

Amake Chanda ananunkhiza kamodzi. Mawu awo anatuluka owongoka.

"Wilbroad. Ndine, mulongosi wako. Wamene anakuitana ni uyu. Kambani, ba Felton."

"A Chisenga," anatero Felton. "Pepani. Ndinalakwitsa. Sindinadziwe bwinobwino."

Liwu linazimirira.

Anafufuza ndi mbale. Analipeza patsogolo pang'ono, chakumtunda. Linazimiriranso. Analipezanso phazi lina patsogolo.

"Ayenda kuti?" ananong'ona mayiwo.

"Kumasitepe."

Pamwamba, msana wa Towela unkaoneka m'nkhungu, waung'ono, wosagwedezeka.

Felton anatsatira, majombo akumira, mbale ili m'mwamba ngati wopempha. Phazi. Liwu. Phazi. Liwu. Pamchenga panalibe chidindo cha phazi lililonse koma ake. Liwulo silinkathamanga. Linkayenda ngati munthu wotopa wochokera kuntchito, wodziwa njira ya kwawo.

"Kambani vazoona!" Amake Chanda anakuwa kumbuyo. "Mwamunamiza!"

"Ndinakaona kansalu," anatero Felton. "Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinadula dala."

Phazi. Liwu. Anali atafika pamiyala. Mbale inayamba kutsalira, liwu likumveka kumapeto kwake kokha.

"Chifukwa chani? Afunsa chifukwa!"

Masitepe anali pafupi. Chilichonse chimene akananena tsopano, Towela akanachimva. Felton anayang'ana msana uja. Anaganiza zonong'ona. Ananong'ona.

Phazi. Liwu.

"Kwezani mau!"

"Ndinkafuna akazi anu!"

Mawuwo anagunda khoma la mtsinje n'kubwerera. Anali asanamvepo mawu ake akukwera chotero.

Liwu linaima. Silinabwerere. Linangoima, mapazi atatu kuchokera pasitepe yoyamba, likulira nthawi iliyonse mbale ikadutsa. Linkadikira. Felton anadziwa chimene linkadikira, chifukwa chinali chinthu chimene sanadziuzepo ngakhale yekha.

"Sizinayambe mutamwalira," anatero. "Zinayamba muli moyo. Ndinkakugwirani chanza Lamulungu lililonse ndili nazo mumtima. Tsiku limene tinamva za imfa yanu ndinalira ndi anthu, koma pobwerera kunyumba ndinapepukidwa. Akazi anu sadziwa kanthu. Sanakuitaneni. Ndine."



Kenako makina analira osadukiza, ngakhale Felton sankasuntha mbale. Liwu limodzi lalitali, likukula. Chinthu chinali pa mbale penipeni. Chinakwera ndi ndodo ya makinawo. Anamva kuzizira padzanja, kenako pachifuwa, kenako pankhope, pafupi kwambiri, ngati munthu akumuyang'anitsitsa. Fungo la mentho linamulowa m'mphuno mpaka misozi. Sanatseke maso. Akuti anayesa, koma zikope zinakana.

Makina analeka kulira.

Felton anatembenuka pang'onopang'ono. Liwu lija analipeza kumbuyo kwake, chakumadzi. Phazi. Liwu. Phazi. Analitsatira kutsika, kudutsa pamiyala, kudutsa pamchenga wakuda. Linadutsa pafupi ndi Amake Chanda, ndipo mayiwo anagwira chitenje chawo pachifuwa n'kunena motsitsa, "Yenda bwino, kabudo," dzina limene ankamutchula ali mwana.

Pamlomo pa madzi Felton anatambasula mkono mpaka pamene unathera. Liwu linamveka kamodzi pamwamba pa madzi. Kenako kamodzinso, lochepa. Madziwo sanagwedezeke.

Mwadzidzidzi makina anayambanso kulongolola ndi mchere, phokoso lawo la masiku onse. Mbalame imodzi inalira, zinzake n'kuyankha. Madzi anali atayamba kubwerera, ndipo kadzenje kaja kanali katadzaza kale.

Anabwerera kumasitepe. Felton ankatsalira dala. Akanakonda matope akanamumeza mpaka m'khosi kusiyana ndi kukwera masitepe amenewo, koma njira inali imodzi.

Towela anali chikhalire, atafulatira. Amake Chanda anamugwira paphewa.

"Tiye. Osayang'ana kumbuyo."

Anaimirira. Felton anaima masitepe awiri pansi pake, makina akudontha m'manja. Towela ndiye analankhula, nkhope ili kumsewu.

"Ba Felton."

"Mayi."

"Pa Sondo musankhale futi pa benchi ya kumbuyo kwanga. Zaka zisanu zakwana."

Anapita, mayi wamkulu akukoka majombo, wamng'ono akuyenda mowongoka. Felton anatsala pamenepo. Zaka zisanu. Ankaganiza kuti palibe ankaona.

Amake Chanda akuti kuyambira tsiku limenelo kiyi sinamvekenso pachitseko. Fungo linatha patapita masiku atatu, ndipo Towela anagona tulo mpaka anachedwa kuntchito. Za kumene mphete inapita, mayiwo safuna kufunsidwa. Felton ndinamufunsa ngati makina angalire m'mwamba chifukwa cha mchere kapena chinyezi. Anati angathe, amalira mwachisawawa, amalalata. Koma osati liwu limenelo, ndipo osati likuyenda.

M'mawa umenewo iye sankadziwa ngati zatheka kapena ayi. Anakhala pasitepe, anavula majombo, anapukuta mbale ya makina ndi kansanza n'kuwapinda m'chikwama. Ali pa siteshoni ya Erith foni inalira. Anali a ku ofesi. Chikepe chinali chitaima pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachinayi m'nyumba ina ku Woolwich, ndipo pansi panali bambo wa panjinga ya olumala amene ankafuna kukwera kwawo.

"Ndafika mu theka la ola," anatero Felton.

Anasamba m'manja pampopi wa pa siteshoni, anachotsa mchenga wakuda m'zikhadabo, n'kukwera sitima yopita kumadzulo.